Kutsikira ku Chia kuchokera ku Kasungu: malangizo kwa munthu wakumtunda

Madzi a mvula imene imagwa m'minda yathu ya fodya sathera kuno. Mtsinje wa Bua umayambira m'mapiri a ku Mchinji, umalandira Rusa panjira, n'kutsetsereka kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota mpaka kukathira m'nyanja ya Malawi. Dwangwa nayenso amachokera kwathu konkuno ku Kasungu. Madziwo amakafika, koma eni akefe ambiri timakalamba nyanja tikungoidziwira pa usipa wa pamsika ndi pa mapu a ku pulayimale. Chikhalirecho kuchokera pa boma la Kasungu kukafika pa boma la Nkhotakota ndi makilomita pafupifupi 130 okha. Munthu wolawirira m'mamawa nsima ya masana amakadyera kugombe.

Malangizo awa ndi a ulendo wa masiku atatu wopita ku Chia, kanyanja ka madzi opanda mchere kamene kali kummwera kwa boma la Nkhotakota, makilomita opitirira pang'ono 20 pa msewu wa M5 wolowera ku Salima. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 17, ndipo kamalumikizana ndi nyanja yaikulu kudzera pa kakhwawa kamodzi kamene msewuwo umawoloka pa mlatho. Kumeneko si ku Senga Bay. Kulibe mizere ya mahotela kapena magulu a achinyamata ovina pamchenga. Kuli asodzi, bango, minda ya mpunga ndi mbalame. Ndikulembera anthu onga ine, amene tinaphunzirira kusambira m'zithaphwi za m'dambo, madzi olekeza m'chiuno, n'kumadziyesa akatswiri.

1. Mwezi usankheni poyang'ana mphepo

Kwathu kuno ulendo timaukonza ndalama ikalowa m'thumba, fodya akagulidwa ku Chinkhoma, soya ndi mtedza zikachoka pakhomo. Zimenezi zimachitika pakati pa Meyi ndi Ogasiti, ndipo vuto lake n'loti miyezi yomweyo ndi imene kunyanja kumaomba mwera. Mwera ndi mphepo yochokera kummwera chakum'mawa. Ukayamba umatha masiku angapo usanaleke, mafunde n'kukwera, asodzi n'kukokera mabwato awo kumtunda. Nsomba zimasowa padoko, zochepa zimene zapezeka zimakwera mtengo, ndipo inu amene mwalipira thiransipoti kuti mukakwere bwato mumangokhala pansi pa mtengo wa mango kuyang'ana madzi akuwinduka.

Choncho ndalama ya fodya ija isungeni pang'ono, mudzanyamuke mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Mwera umakhala wafooka, mvula isanayambe, misewu ya fumbi ili youma. Kutentha kokha ndiko muyenera kukuvomereza. Kasungu ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe gombe la nyanja yathu silifika ngakhale mamita 500. Juzi amene mwavala pochoka kunyumba mudzamuvula musanafike n'komwe.

Novembala ndi Disembala ndi miyezi imene boma limatseka usodzi wa maukonde ena pa nyanja ya Malawi kuti chambo chiswane. Mukapita nthawi imeneyo musadabwe chambo chikamasowa, ndipo wokunong'onezani kuti ali nacho kuseri kwa nyumba akukulowetsani m'mlandu. Dzinja ndiye ndi la olimba mtima. Mu Febuluwale 2024 madzi osefukira anasamutsa mabanja ambirimbiri kudera la Dwangwa m'boma la Nkhotakota, ndipo chaka chomwecho nyanja inakwera mpaka kumiza mchenga ndi zipinda za malo ena ogona alendo.

Kumwamba nakonso yang'anani. Usipa amaupha usiku ndi nyali, ndipo umabwera ku nyalizo kukakhala mdima. Mwezi ukakhala wathunthu usipa umachepa padoko. Ngati cholinga chanu china n'kubwera ndi ndiwo za mwezi wonse, nyamukani mwezi uli kumdima.

2. Pezani munthu wa kumeneko musananyamuke

Pa malangizo onsewa, ili ndilo limasenza anzake. Fufuzani: mphunzitsi amene anagwirapo ntchito ku Nkhotakota, mlamu wokwatira ku Benga, mayi wa geni ya nsomba amene mumamugula pamsika wa Kasungu Loweruka lililonse. Mayi ameneyu amatsikira kunyanja kawirikawiri kuposa wina aliyense amene mumamudziwa, ndipo mukamufunsa mwaulemu angathe kukupatsani nambala ya munthu wa padoko.

Mukaimba, funsani zinthu zinayi. Nyanja ili bwanji sabata ino? Msewu wa m'nkhalango ukudutsika? Malo ogona amene ndamva aja akadalipo, nanga madzi sanalowemo? Ndani angatiyendetse pa boti? Mitengo ya thiransipoti ndi ya zipinda ifunseni tsiku lomwelo lonyamuka lisanafike, chifukwa mafuta akangosowa kapena kukwera, mtengo wa sabata yatha umasanduka nthano.

Ndalama igaweni pawiri. Ina ikhale mu Airtel Money kapena Mpamba, ina m'manja, ndipo ya m'manjayo ikhale yosinthasintha. Padoko m'mawa palibe amene ali ndi chenji. Mabanki ali pa boma, ku Chia musawayembekezere.

3. Katundu

Tengani neti yotetezera udzudzu, ngakhale atakuuzani kuti kuchipinda ilipo. Nthawi zambiri imakhalapodi, koma ndi zibowo zoti nkhonya n'kulowa. Nkhotakota ndi dera la malungo chaka chonse. Tenganinso chingwe chomangira netiyo, tochi, chipewa, zitenje ziwiri kapena zitatu, nsapato zapulasitiki zoti zikanyowa zisavute, chigubu cha madzi akumwa, mankhwala othira m'madzi monga Waterguard, mapaketi a Thanzi ORS ndi sopo. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, ndiye madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera ngati galasi, musamwe osawiritsa kapena kuthira mankhwala.

Foni ikhale m'kajumbo kapulasitiki komanga bwino. Zovala za pa ulendo zikhale zowala, monga zakhaki kapena zotuwa. Chifukwa chake ndichitchula pa nkhani ya msewu. Ngati muli ndi bokosi losungira zinthu zozizira, kapena mungabwereke, litengeni.

4. Msewu

Kuchokera ku Kasungu njira ndi M18. Kwerani galimoto yoyamba, 6 koloko ikamakwana mukhale muli pa siteji. Ma Sienta ndi maminibasi sanyamuka asanadzaze, ndipo mwina mudzasintha galimoto pa Malomo. Pokwera funsani dalaivala mwachindunji: "Achimwene, mukukafika pa boma kapena mukatisiya panjira?" Kondakitala aliyense amayankha kuti akukafika. Mvetserani yankho la dalaivala.

Msewuwu umadutsa kufupi ndi Mtunthama, kumene kuli Kamuzu Academy, sukulu imene inatsegulidwa mu 1981. Mukawoloka Bua ndi kupitirira Malomo m'boma la Ntchisi, minda imayamba kuchepa, mitengo n'kuchuluka, kenako mwalowa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota. Nkhalangoyi ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,800. Bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Ife a ku Kasungu za njovu sitichita kuuzidwa, paja nafenso tinalandira 263 mu 2022, ndipo a m'malire mwa paki amadziwa chimene njovu imachita m'munda wa chimanga. Choncho m'nkhalangomo musatsike m'galimoto kuti mujambule chithunzi, musapemphe dalaivala kuti aime mukataye madzi, ndipo musalole kudutsamo usiku. Za kuchimbudzi thanani nazo pa Malomo.

Muli akashembe m'nkhalangomo, ntchentche zoluma zija zimene zimafalitsa matenda a kaodzera. Zimakopeka ndi mtundu wakuda ndi wabuluu, komanso zimatsatira galimoto yoyenda. N'chifukwa chake ndinati zovala zikhale zowala. Galimoto ikamayenda pang'onopang'ono pokwera mtunda tsekani mawindo, ngakhale mutuluke thukuta.

Khalani mbali ya windo ngati mungathe. Pali malo ena msewu ukamatsetsereka pamene mitengo imatseguka, n'kuona kutali chinthu chotuwa chotambalala chimene poyamba mumachiyesa mtambo. Ine ndinafunsa mayi amene ndinakhala naye pampando kuti utsi umenewo ndi wa moto wa kuti. Anaseka mpaka kutsokomola, galimoto yonse n'kudziwa kuti mwakwera wakumtunda.

A ku Mchinji muli ndi njira ziwiri. Mungadzere ku Kamwendo n'kutulukira ku Kasungu, kapena kudzera ku Lilongwe ndi ku Salima n'kukwera ndi M5. Mukadzera ku Salima mumafika pa Chia musanafike pa boma, ndiye muuzeni kondakitala msanga.

5. Tsiku loyamba ligonereni pa boma

Musathamangire ku Chia tsiku lomwelo. Pezani chipinda pa boma kapena ku malo ogona a m'mbali mwa nyanja kummwera kwake, cha ku Sani kapena ku Nkhotakota Pottery ngati thumba likulola. Chipindacho chioneni musanalipire: madzi akutuluka, loko akugwira, pali pomangirira neti.

Masanawo yendani wapansi. Tauni imeneyi ili ndi mbiri imene imatikhudza ifenso akumtunda. M'zaka za m'ma 1840 kunafika Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, wamalonda wa Chiswahili, ndipo anasandutsa Nkhotakota doko lalikulu la minyanga ya njovu ndi akapolo. Anthu ankawolotsedwa nyanja pa zombo za matanga n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa. Njira imodzi ya malondawo inkadutsa kwathu ku Kasungu. Mukaima pagombe n'kuyang'ana kutsidya kumene kukuoneka mapiri a ku Mozambique, dziwani kuti ena mwa amene anawolokera kumeneko anali ochokera m'midzi yathu yomweyi.

Pafupi ndi chipatala cha St Anne's pali mtengo wa mkuyu umene amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860. Chapafupi pomwepo pali tchalitchi cha Anglican cha All Saints, m'mene munaikidwa Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895 boti lake litagubuduzika ndi mphepo. Munthu ameneyu anakhala zaka zambiri m'mbali mwa nyanjayi ndipo ankaidziwa. Mukumbukireni mawa mukamakambirana ndi mwini boti. Mu 1960 chipani cha Malawi Congress chinachitiranso msonkhano wake waukulu m'tauni yomweyi, pamene Kamuzu, mwana wa kwathu, anapatsidwa utsogoleri wa chipani wamuyaya. Nthawi ikatsala funsani wakabaza akufikitseni ku Mawira, kumene madzi otentha amatumphuka pansi.

Asilamu ndi ambiri ku Nkhotakota. M'bandakucha mudzadzutsidwa ndi kuitana kwa kumzikiti. Amayi, chitenje chikhale m'chiuno mukamayenda m'mudzi ndi pamsika. Abambo, kabudula wosambira ndi wa kugombe, osati wa pamsewu. Lachisanu masana mashopu ena amatseka kwa kanthawi.

6. Kufika padoko ku Chia

Tsiku lachiwiri lawirirani. Kwerani minibasi yolowera ku Salima n'kutsika pa mlatho wa Chia, kapena gwirizanani ndi wakabaza wa njinga yamoto kuti akusiyeni ndi kudzakutenganinso. Simungaphonye: pa mlathopo pamakhala anthu atanyamula nsomba m'manja, kuzikweza m'mwamba galimoto iliyonse ikamadutsa. Musagule pano. Kugula n'kwa mawa.

Doko lili ndi eni ake. Pali nyakwawa, palinso komiti ya pagombe imene imayang'anira za usodzi. Musangofika n'kuyamba kuloza foni kwa amayi amene akuyanika nsomba pa thandala. Yambani mwapereka moni kwa akuluakulu amene akhala pamthunzi akusoka ukonde. Khalani pansi kapena njutani.

"Zikomo bambo, mwadzuka bwanji? Ife ndi alendo, tachokera ku Kasungu, tabwera kudzaona nyanja. Ndani angatithandize?"

Mawu amenewo ndi okwanira. Akakulozerani kwa mfumu pitani, ndipo kachinthu kochepa m'manja, sopo kapena paketi ya shuga, sikalakwika. Chithunzi cha munthu muyambe mwapempha. Ena amavomera, ena amakana, ena amafuna kangachepe. Ana ndiye adzakuunjirirani okha.

Tsopano za chombo. Pali bwato, lija losema pa mtengo umodzi, ndipo pali boti la matabwa, lina la injini, lina lopalasa. Asodzi amakhala pa bwato miyendo ili mkati thupi lili pamwamba, n'kumapalasa ndi nkhafi ngati akhala pa mpando wa ndalema. Musanyengeke. Bwato limafuna munthu amene anakulira pamenepo. Inu ndi ine tikangoyetsemula latembenuka. Kwerani boti la matabwa.

Musanakwere gwirizanani zonse muli kumtunda: mtengo, maola angati, mukafika pati, mafuta ndi a ndani. Funsani ngati pali majekete oyandamitsa munthu. Ngati palibe ndipo muli ndi ana, anawo atsale ndi munthu wamkulu. Werengani anthu okwera, ndipo mukaona kuti m'mphepete mwa boti mwatsala pang'ono kukhudza madzi, tsikani, musachite manyazi. Yang'anani pansi pa boti: timadzi tochepa ndi kachigubu kodula kokapira n'zachizolowezi, koma ngati mnyamata akukapa osapuma boti lisananyamuke, limenelo lisiyeni. Wopalasa kapena woyendetsa injini akamanunkha kachasu, bwezani ulendo.

Pitani m'mawa, mubwerere dzuwa lisanafike paliwombo, chifukwa mphepo imakonda kudzuka masana. Mkati mwa Chia madzi ndi odekha kuposa panyanja yaikulu, ndipo ulendo woyamba musatuluke pa khwawa lija. Mwini boti akanena kuti lero sitipita, musakakamize, musawonjezere ndalama kuti asinthe maganizo. Iye waona chinthu m'mitambo ndi pamadzi chimene maso athu a kumunda sangachione, monga momwe ife timadziwira kuti mvula ya lero ndi yobzalira kapena ndi chizimalupsa chabe.

Mukakhala pamadzi uzani woyendetsa azimitse injini pafupi ndi bango, mukhale chete kwa mphindi khumi. Apa ndiye pali ulendo wonse. Poyamba mumangomva madzi akunyambita matabwa. Kenako nkhwazi imalira pamwamba pa mtengo, itaponya mutu chagada, inzake n'kuyankha kutsidya. Akakowa amaima m'madzi osaya mwendo umodzi uli m'mwamba, mphipi zitatambasula mapiko pa chitsa kuti ziume. Pa masamba a kakombo pamayenda kambalame ka zala zazitali ngati kakuponda pa bwalo. Cha apo msodzi akuvuula mono, wina akuonjola matchera amene anatchera dzulo madzulo, ndipo mawu awo amamveka patali ngati ali pambali panu. Tsiku lina mungaone chakunyanja yaikulu chinthu ngati utsi wakuda utaima pamadzi. Si moto. Ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi mwaunyinji, ndipo mphepo ikatikankhira kumtunda anthu ena amatikola n'kupanga ndiwo.

7. Za kusamba

Ndinena mosabisa: m'Chia musasambe, musachape, musalowetse dzanja m'madzi boti likuyenda. Muli ng'ona, muli mvuu, muli likodzo.

Mwambi uja umati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo kunyanja mwambiwu ndi nkhani yeniyeni. Malo amene anali abwino chaka chatha mwina chaka chino mwalowa ng'ona. Imakonda m'bango, pa mathiriro a mitsinje ndi pamene anthu amatumbulira nsomba, ndipo imagwira kwambiri m'bandakucha ndi chisisira. Mvuu imatuluka usiku kukadya msipu ndi mpunga. Mukakumana nayo kumtunda musaime pakati pa iyo ndi madzi, chifukwa ikadzidzimuka imathamangira kumadziko ndipo sipatuka. Kuyenda m'mbali mwa Chia kutada kusiyireni eni dera.

Likodzo ndiye limagwira mwakachetechete. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi odekha a zomera zambiri, n'kulowa pakhungu la munthu amene waima kapena kusamba m'menemo. Simumva kuwawa tsiku limenelo.

Kusamba kachitireni kunyanja yaikulu, pa mchenga woyera wopanda bango, kutali ndi mathiriro a mtsinje, dzuwa lili pamutu, pamalo pamene eni dera akulozerani. Ngakhale pamenepo lekezani m'chiuno. Pansi pa nyanja si pa dambo, pena pamatsetsereka mwadzidzidzi, ndipo funde likamabwerera limakumba mchenga kunsi kwa mapazi anu. Mwana akhale pamene dzanja lanu lingamufike. Amene wamwa mowa akhale pamchenga. Chubu cha galimoto chimene anyamata amabwereketsa chimatengedwa ndi mphepo mofulumira kuposa momwe munthu angasambirire kuchitsatira.

8. Masana lowani m'midzi

Dzuwa likapendeka yendani m'tinjira ta kumtunda ndi munthu wanu uja. Ulimi wa kuno ndi wina. M'malo mwa zigafa za fodya mudzaona minda ya chinangwa pa mizere ikuluikulu, madimba a mpunga m'zigwa, migwalangwa, mango ndi nthochi. Mpunga wa Faya, wonunkhira uja, ndi wa kuno, ndipo mbiri imati ulimi wa mpunga unakula m'nthawi ya a Jumbe. Pakhomo pambiri mudzamva kafungo kowawasa: ndi chinangwa chimene anaviika m'madzi masiku angapo kuti ululu uchoke, kenako n'kuchiyanika, n'kusinja ufa wa kondowole.

Kondowole mudyeni. Amamata m'manja, amatanuka, ndipo mbamu yake simezedwa ngati ya mgaiwa. Nyowetsani zala, temani pang'ono, musatafune kwambiri. Ndi kampango wa msuzi kapena chigwada chotendera, mudzamvetsa chifukwa chake anthu a kuno akabwera kwathu amati nsima yathu sikhalitsa m'mimba. Mukaitanidwa pakhomo musakane chakudya, ndipo posanzika siyani kanthu m'manja mwa mayi wa pakhomopo mosaonetsera.

9. Kugula nsomba ndi kubwerera

Kunyumba akudikira nsomba, osati zithunzi. Gulani m'mawa wa tsiku lonyamuka.

Ulendo wanga woyamba ndinagula nsomba za chambo zinayi zaziwisi madzulo, n'kugona nazo m'chipinda, m'mawa n'kuzikulunga m'jumbo yakuda n'kuziika kumbuyo kwa Sienta pansi pa matumba a mpunga. Tisanafike pa Malomo anthu anali atayamba kuyang'anizana. Pa Mtunthama dalaivala anaimitsa galimoto n'kufunsa kuti katundu wonunkhayu ndi wa ndani. Ndinafika kunyumba ndi jumbo ya mpunga yokha, ndipo nkhaniyo alamu anga amaikambabe pa maliro ndi pa ukwati pomwe.

Nsomba yaiwisi yabwino maso ake amakhala owala, osalowa mkati. Tsegulani makha, kumene imapumira: akhale ofiira, osati otuwa kapena oterera. Dinani ndi chala pamsana, mnofu ubwerere. Ipempheni aitumbule pomwepo, muitsuke ndi madzi abwino, muiike m'bokosi lija ndi madzi oundana amene mwagula pa boma. Ngati mulibe bokosi, mwaona madalaivala akumangirira nsomba pa galasi la m'mbali kuti izipitidwa mphepo. Zimathandiza pa ulendo waufupi, koma maola a pa M18 ndi fumbi lake ndi ambiri. Kwa ife a thiransipoti ya aliyense, nzeru ndi kugula zouma.

Kampango kapena mlamba wowamba mutembenuzeni, mumununkhize, muyang'ane m'mimba ngati mulibe mphutsi kapena nkhungu yoyera. Usipa ulipo wofutsa ndi wongoyanika padzuwa. Tapani dzanja pansi pa mulu, osati pamwamba pokha, ndipo tafunani umodzi kuti mumve ngati muli mchenga kapena ngati ukuwawa. Woyanika pa thandala umaposa woyanika pansi. Muyezo wake nthawi zambiri ndi chigoba cha malita 5 kapena ndowa, ndiye yang'anani kunsi kwa chigobacho ngati sanakuphwanyire mkati. Nenererani mtengo, ndi mwambo wake, koma mwaulemu: "Mayi, tachokera kutali, tichotsereniko pang'ono, kapena mutiikire basera." Tiana ta chambo, timene amati kasawala, musagule ngakhale titchipe bwanji, ndi chambo cha chaka chamawa chimenecho. Nsomba zouma zinyamuleni m'katoni kapena m'dengu, osati m'pulasitiki, kuti zisachite thukuta.

Mpunga gulani pa boma kapena pa chigayo, ndipo utafuneni njere zingapo musanalipire. Pofika 11 koloko mukhale mwakwera galimoto, kuti nkhalango ija muidutse dzuwa likadali pamwamba. Galimoto za madzulo zimachedwa kudzaza, ndipo ikakuferani m'katikati mwa nkhalango kutada, palibe mudzi wokapemphako malo.

10. Mukafika kunyumba

Nsomba zowamba ziikeninso pa moto wa utsi tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, usipa muuyanike pa lichero tsiku limodzi musanausunge. Gawirani a pakhomo loyandikana ndi mayi uja anakupatsani nambala.

Kenako lembani madeti awiri pa kalendala. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, aliyense wa pa ulendowo akangomva kutentha thupi, mutu kapena kuphwanya m'nkhongono, apite kuchipatala tsiku lomwelo akayezetse malungo, ndipo auze adokotala kuti anali ku Nkhotakota. Ngati kashembe anakulumani ndipo pamalopo patupa chilonda, kapena malungo sakupezeka koma thupi likutenthabe, nenaninso kuti munadutsa m'nkhalango. Deti lachiwiri ndi la pakatha masabata 6 mpaka 8 kwa onse amene analowa m'madzi. Pitani mukayezetse likodzo ngakhale mkodzo ukuoneka bwinobwino. Mankhwala ake, praziquantel, amapha nyongolotsi zikakula, ndiye kuwamwa tsiku lobwera kunyanja n'kutaya mapiritsi. Amaperekedwa molingana ndi kulemera kapena msinkhu wa munthu, choncho ana apite nawo akayezedwe okha, ndipo m'mawa umenewo onse adye kaye phala asananyamuke.